Mtima wanu auyerekeza ndi wa yani?

Munthu akabwera kuchokera ku India kapena ku Johannesburg kumene anakapimidwa mtima, m'chikwama mwake mumakhala envulopu yaikulu. Achibale amaitsegulira pa mkeka n'kuyamba kupatsirana mapepala. Ambiri mwa mapepalawo ndi Chingerezi cha madokotala chokhachokha, koma pamakhala limodzi limene aliyense amaliyang'anitsitsa: la zithunzi zozungulira ngati malichero, zopaka mitundu yowala, kwina psuu ngati makala a moto, kwina kobiriwira, ndipo nthawi zina pali chigamba chakuda bii. M'munsi mwake muli timanambala, mwina SSS 7, TPD 9%, EF 58%. Mwiniwake amangoti, "Adokotala akuti mbali iyi magazi sakufika bwino," n'kuloza pakudapo.

Chigamba chakudacho kamera siinachione. Imene inaona ndi kuwala kosiyanasiyana basi, apa kwambiri, apo pang'ono. Amene anadetsapo ndi kompyuta, itaika chithunzi cha m'bale wathuyo pambali pa zithunzi za anthu ena amene anajambulidwa kale n'kugamulidwa kuti mitima yawo ilibe vuto. Paliponse pamene iye anaperewera kwambiri poyerekeza ndi anthuwo, kompyuta inapakapo chakuda. Ndiye anthu abwinobwinowo ndi ayani, anajambulidwira kuti, ndi kamera yanji? Sitifunsa kawirikawiri, komatu zotsatira zonse zatsamira pamenepo.

Mtima umapopera magazi thupi lonse, koma nawonso ndi mnofu ndipo umafuna chakudya chake. Umachilandira kudzera m'mitsempha itatu ikuluikulu yoyanga pamwamba pake, monga ngalande zitatu zothirira dimba limodzi: wina umathirira kutsogolo ndi kunsonga, wina kumbali, wina kunsi. Mafuta akamaundana m'kati mwa mtsempha, njira imachepa. Chovuta n'chakuti munthu akakhala phee, ngalande yothinayo imakwanitsabe. Katswiri wa mtima K. Lance Gould anaonetsa mu 1974, poyesa pa agalu, kuti mtsempha ukhoza kuthina kupitirira 80 peresenti magazi n'kumayendabe mokwanira thupi likupuma. Kuperewera kumaonekera pamene mtima wafuna magazi ochuluka, katatu kapena kanayi kuposa nthawi zonse. N'chifukwa chake munthu amajambulidwa kawiri, atapuma komanso mtima utagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga. Amamuthamangitsa pa makina a lamba woyenda mpaka mtima ugunde pafupifupi 85 peresenti ya liwiro lalikulu loyenera zaka zake. Amene mawondo sakumulola amamubaya mankhwala otsegula mitsempha monga adenosine kapena regadenoson, ndipo amauzidwiratu kuti asamwe tiyi, khofi kapena Coca-Cola kwa maola 12 mpaka 24, pakuti caffeine amatsekereza mankhwalawo. Kwa ife amene tsiku siliyamba popanda kapu ya tiyi lamuloli n'lowawa, koma kapu imodzi yomwera kuseri ikhoza kuchititsa kuti mtima wodwala uoneke wabwinobwino.

Thukuta lili kamukamu, wefuwefu wafika pachimake, namwino amalowetsa jakisoni m'kachubu ka pa mkono. M'jakisonimo muli mankhwala ochepa kwambiri otulutsa cheza chosaoneka ndi maso (radiation), kawirikawiri technetium-99m womangiriridwa ku sestamibi kapena tetrofosmin. Kale ankadalira thallium-201, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1970. Mankhwalawa amatsata magazi n'kukamatirira m'mnofu wa mtima, ndipo kumene kwafika magazi ambiri amamatirira ambiri. Pakapita kanthawi munthu amagona chagada pa kabedi kopapatiza, mikono ataikweza kumutu, kamera yolemera n'kumazungulira chifuwa pang'onopang'ono, kuima, kuwerenga, kusuntha, kwa mphindi 15 kapena kuposerapo. Mapewa amachita dzanzi koma sayenera kugwedezeka. Kamerayo siitulutsa cheza ngati ya X-ray, imangotola chimene chikutuluka m'thupi. Kajambulidwe kameneka ndiko amakatcha SPECT.

Munthu angaganize kuti mtima wopanda vuto uyenera kuwala chimodzimodzi paliponse. Sizitero. Cheza chisanafike pa kamera chimadutsa m'nyama, m'mafuta ndi m'nthiti, ndipo china chimathera m'njira. Koloboyi akamayaka kuseri kwa mpanda wa udzu, pamene udzu wathithikana kuwala kumachepa ngakhale nyaliyo ikuyaka bwinobwino. Mwa amayi, bere lakumanzere limaika mthunzi pa khoma lakutsogolo la mtima. Mwa abambo, makamaka a mimba yaikulu, mnofu umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba umaphimba khoma lakunsi. Nsonga ya mtima imaoneka yozilala chifukwa ndi yopyapyala mwachibadwa, pamene khoma lakumbali limawala koposa popeza lili pafupi ndi kamera. Ndiye pali chiwindi ndi matumbo, zimene zimamwa mankhwala omwewo n'kumawala pafupi ndi mtima mpaka kusokoneza. Zonsezi zimachitika mwa munthu amene mitsempha yake ili yotseguka bwinobwino. Dokotala wozolowera amaphunzira kuizindikira mithunzi imeneyi ndi maso, koma maso a madokotala awiri sagwirizana nthawi zonse, ndipo ngakhale a dokotala mmodzi amasiyana Lolemba m'mawa ndi Lachisanu madzulo. Apa m'pamene panachokera maganizo osunga nkhokwe ya zithunzi za mitima yopanda vuto, kuti kompyuta idziwe mthunzi wozolowereka ndi kuzilala kwa matenda.

Kuti mitima yosiyana kukula iyerekezeke, panafunika njira yoiyalira mofanana. Mu 1985 Ernest Garcia ndi anzake, amene anayambira ntchitoyi ku chipatala cha Cedars-Sinai ku Los Angeles iye n'kukaipitiriza ku Emory University ku Atlanta, anafalitsa njira ya chithunzi chozungulira chija. Chipinda chachikulu chakumanzere kwa mtima chili ngati chikho. Amachiyang'ana kuchokera kunsonga n'kuchiphwatalitsa, nsonga pakati, kukamwa kwake m'mphepete, khoma lakutsogolo kumtunda, lakunsi m'munsi. Mtima waukulu kapena waung'ono, wonse umakwana mu lichero limodzimodzilo. Mu 2002 bungwe la American Heart Association linagwirizanitsa akatswiri kuti licherolo lizigawidwa zigawo 17. Chigawo chilichonse chimapatsidwa nambala kuyambira 0, kutanthauza kuti chili bwino, kufika 4, kutanthauza kuti mankhwala sakuonekamo n'komwe. Akaphatikiza manambala a chithunzi cha mtima uli pa ntchito ndiye amapeza SSS ya pa pepala lija. Yochepera 4 imawerengedwa kuti ili bwino, 4 mpaka 8 ndi vuto laling'ono, kupitirira 13 ndi vuto lalikulu.

Nanga m'nkhokwemo alowe ndani? Kutenga ophunzira a payunivesite a zaka 22 sikuthandiza. Matupi awo safanana ndi a agogo a zaka 65 amene amabwera kudzajambulidwa, komanso si bwino kubaya munthu wosadwala mankhwala a cheza chokwana mamilisiveti (muyezo wa cheza) 10 kapena chapompo, pamene cheza chachilengedwe chimene munthu amalandira chaka chonse chimakhala pafupifupi 2.4. Kutenga amene analowetsedwa kachubu m'mitsempha ya mtima n'kupezeka kuti sinatsekeke nakonso kuli ndi vuto lake, pakuti anthuwo sakanafika pamenepo popanda chowavuta, ndipo ena mwa iwo amakhala ndi matenda m'timitsempha ting'onoting'ono timene kachubu sikaona. Njira imene ambiri anatsata ndi yosankha odwala amene anabwera okha kudzapimidwa koma chiopsezo choti ali ndi matendawa n'chochepera 5 peresenti, potengera zaka, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, mtundu wa ululu wa pachifuwa ndi zotsatira za ECG, makina olemba kagundidwe ka mtima. Kawerengedweko kanachokera pa ntchito ya George Diamond ndi James Forrester ya mu 1979.

Anthu otere sakhala ambiri. Nkhokwe zochuluka zinamangidwa pa amuna makumi angapo ndi akazi makumi angapo basi. Pa kadontho kalikonse ka lichero, kompyuta imawerengera avereji ya kuwala kwa gululo ndi mmene anthuwo amasiyanirana okhaokha, kenaka imalemba malire. M'mapulogalamu oyambirira malirewo ankakhala kunsi kwa avereji pa mtunda wa kusiyana kozolowerekako kuwirikiza kawiri ndi theka. Wodwala akagwera kunsi kwa malire, pamadetsedwa. Popeza timadontho tilipo mazanamazana, ngakhale munthu wathanzi akhoza kugwera kunsi pa tiwiri titatu mwangozi, motero amayang'ananso kukula ndi kuzama kwa chigambacho. TPD, imene gulu la Piotr Slomka ku Cedars-Sinai linayambitsa mu 2005, imaphatikiza ziwirizo, ndipo yochepera 5 peresenti imatengedwa kuti ili bwino.

Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo akuidziwa kale nzeru imeneyi. Mwana amapachikidwa pa sikelo akulira, wazaumoyo amaika kadontho m'buku, ndipo kadonthoko kamakhala ndi tanthauzo chifukwa cha mizere yosindikizidwamo kale. Mizereyo nayo inachokera kwa ana enieni. Yakale inali ya ana a ku America. Ya WHO ya mu 2006 inachokera kwa ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo inaonetsa kuti ana oyamwa bwino ndi osamalidwa bwino amakula mofanana kulikonse, choncho mizere imodzi imakwanira mayiko onse. Pa kujambula mtima sizinatheke choncho. Ndikufuna chifukwa chake chimveke bwino, kuopa kuti wina angaganize kuti mitima ya mitundu ya anthu inalengedwa mosiyana. Chimene chimasiyana kwambiri si kayendedwe ka magazi ayi, koma njira imene cheza chimadutsa: kukula kwa chifuwa, mafuta, mabere, ndi makina amene akuwerenga.

Amene anaonetsa zimenezi momveka ndi a ku Japan. Mapulogalamu atatu amene afala m'zipatala zambiri, QPS ya ku Cedars-Sinai, Emory Cardiac Toolbox ndi 4DM yochokera ku University of Michigan, onse ndi a ku America, ndipo amabwera ndi nkhokwe za anthu a kumeneko. Madokotala a ku Japan ankaona kuti odwala awo ndi ocheperako thupi, mwa amayi awo mthunzi wa bere ndi wopepuka, komanso zipatala zambiri kumeneko zinkazunguliza kamera thupi lonse, madigiri 360, pamene ku America chizolowezi ndi theka lake, madigiri 180. Gulu la akatswiri la Japanese Society of Nuclear Medicine, lotsogozedwa ndi Kenichi Nakajima wa ku Kanazawa University, linasonkhanitsa zithunzi kuchokera m'zipatala zingapo, ndipo mu 2007 linatulutsa nkhokwe yawoyawo. Sanapange imodzi. Ya amuna inali payokha, ya akazi payokha, ya thallium, ya technetium, ya 180, ya 360, ya popuma ndi ya pa ntchito. Mu 2009 anafalitsa zotsatira za kuyesa nkhokwezo pa odwala amene mitsempha yawo inaunikidwanso ndi kachubu, kuti choonadi chidziwike. Nkhokwe ya ku Japan yofanana kajambulidwe ndi zithunzi za odwalawo ndiyo inalondola koposa, ya ku America inatsalira m'mbuyo.

Taganizirani tanthauzo lake kwa munthu mmodzi. Mayi wochepa thupi ali ndi mtsempha wakutsogolo wothina, ndipo khoma lakutsogolo lazilala ndithu. Koma nkhokwe inamangidwa pa amayi onenepa, motero kompyuta inazolowera kuliona khomalo lili lozilala ndipo imangolitenga ngati mthunzi wa bere. Siidetsapo. Dokotala akakhulupirira pepala lokha, mayiyo amabwerera kwawo atauzidwa kuti zonse zili bwino, n'kukapitiriza kusenza ndowa ndi ululu wake wa pachifuwa. Mayi wonenepa akayezedwa pa nkhokwe ya amayi ochepa thupi zimatembenuka. Mthunzi wa bere umawerengedwa ngati matenda, ndipo amatumizidwa kukalowetsedwa kachubu popanda chifukwa, ndi ndalama zake, mantha ake ndi zoopsa zake. Kwa banja limene lagulitsa ng'ombe kapena puloti kuti m'bale akafike ku chipatala chakunja, kulakwa kotere kumafika mpaka pa mbale ya nsima.

Nambala ya EF ija ili ndi nkhani yakeyake. Kamera ikalumikizidwa ndi ECG, kugunda kulikonse kumagawidwa zidutswa 8 kapena 16, ndipo kompyuta imaona chipinda chija chikudzaza ndi kufinya. EF ndi gawo la magazi amene amatuluka pa kufinya kumodzi, ndipo kawirikawiri amati kuyambira cha pa 50 peresenti kupita m'mwamba zili bwino. Koma kamera wamba ya SPECT siiona bwino chinthu chochepera sentimita imodzi. Pa mtima waung'ono, makoma akafinyana amaoneka ngati akhudzana, kompyuta n'kuganiza kuti magazi atuluka pafupifupi onse, n'kulemba 80 kapena 85 peresenti. Amayi ambiri a ku Japan anapezeka kuti ali ndi mitima yaing'ono yotere, motero malire a amayi anakwera kuposa a abambo. EF ya 52 ikhoza kukhala yosadetsa nkhawa kwa bambo wamkulu thupi koma yofunika kuiyang'ananso kwa mayi wamng'ono.

Makina nawo sakhala malo amodzi. Thallium amatulutsa cheza chofooka kuposa technetium, motero mithunzi yake ndi yolemera. Makamera ena ali ndi CT, mtundu wa X-ray, imene imayeza kuchindikala kwa thupi n'kuchotsa mithunzi, ndipo zikatero kusiyana kwa amuna ndi akazi kumachepa kwambiri, koma nsonga ya mtima imayamba kuoneka yozilala kuposa kale. Makamera atsopano a CZT amajambula m'mphindi zochepa, ena monga D-SPECT munthu atakhala tsonga ngati pa mpando wometera, ndipo munthu akakhala tsonga ziwalo zimatsetsereka mosiyana ndi pamene wagona. Zipatala zina zimagoneka munthu chafufumimba kuti mthunzi wakunsi uchoke. Kusintha kulikonse kumafuna nkhokwe yake.

Pali vuto limodzi limene nkhokwe, ingakhale yabwino motani, siingalithetse, ndipo ndi limene limandiopsa koposa. SPECT wamba siiyeza kuchuluka kwenikweni kwa magazi. Imatenga malo owala koposa mu mtima wa munthuyo n'kuwatcha 100 peresenti, kenaka malo ena onse imawayeza potengera pamenepo. Zili ngati kalasi imene mphunzitsi amangolengeza kuti uyu nambala wani, uyu nambala thu, osanena malikisi. Ngakhale onse alephere, nambala wani adzakhalapo ndithu. Mitsempha yonse itatu ikathina mofanana, mtima wonse umasowa magazi mofanana, ndipo chithunzi chikhoza kutuluka chosalala, chopanda chigamba, pamene munthuyo ndi wodwala kuposa onse amene ajambulidwa tsiku limenelo. Madokotala osamala amasaka zizindikiro zina: chipinda cha mtima chimene chaoneka chachikulu pa chithunzi cha pa ntchito, EF imene yatsika pambuyo pothamanga, ECG imene inasintha ali pa lamba.

Chimene chimayankha vutoli mwachindunji ndi kajambulidwe kena kotchedwa PET, kamene kamayeza magazi m'mamililita pa mphindi pa galamu iliyonse ya mnofu wa mtima. Munthu akapuma nambalayo imakhala pafupifupi 1. Mankhwala otsegula mitsempha akalowa, mwa munthu wathanzi imakwera kufika 3 kapena kuposa. Akagawa yachiwiri ndi yoyamba, zotsatira zopitirira 2 n'zolimbikitsa, zochepera 1.5 n'zodetsa nkhawa. Ngakhale apa muyezo umasuntha, pakuti okalamba ndi a BP yokwera magazi awo amayenda kwambiri ngakhale popuma, zimene zimatsitsa chiwerengerocho. Komanso PET ya mtima ndi yodula. Mankhwala ake sakhalitsa: rubidium-82 amatha theka la mphamvu m'masekondi 75, ammonia wa nitrogen-13 m'mphindi 10, kotero ayenera kupangidwa pafupi ndi wodwala. Technetium wa SPECT uja amatha theka m'maola 6, ndipo amakamidwa m'chipatala momwemo kuchokera ku molybdenum-99, amene amatha theka m'maola 66 ndipo akhoza kuyenda pa ndege. Choncho SPECT ikhala nafe nthawi yaitali, ndi nkhokwe zake zomwe.

Molybdenum ameneyu wina amachokera pafupi nafe pomwepa. Ku Pelindaba, kumadzulo kwa Pretoria, kuli ng'anjo ya nyukiliya ya SAFARI-1, yoyaka kuyambira 1965, imene ili m'gulu la ng'anjo zochepa zopereka mankhwalawa ku zipatala za dziko lonse lapansi. Zipatala zophunzitsira monga Groote Schuur ndi Tygerberg ku Cape Town zakhala ndi nthambi zopima odwala ndi mankhwala a cheza (nuclear medicine) kwa zaka zambiri. Mankhwala alipo, akatswiri alipo. Ine ndimalakalaka zipatala za kuno kummwera kwa Africa zitagwirizana monga anachitira a ku Japan, n'kusonkhanitsa zithunzi za odwala awo a chiopsezo chochepa kuti ziyeze ngati nkhokwe zobwera ndi makina zikutikwana. Sizifuna kubaya munthu jakisoni woonjezera, pakuti zithunzi zili kale m'makompyuta ndipo mapulogalamuwo amalola chipatala kupanga nkhokwe yake. Mwina zidzapezeka kuti ya ku America ikutikwana ndithu, ndipo zikatero tidzaigwiritsa ntchito tikudziwa. Komanso tisaiwale kuti anthu a kuno si thupi limodzi. Mlimi wa ku Ntchisi amene amakhalira khasu ndi bwana wa mu ofesi ku Sandton ku Johannesburg alibe chifuwa chofanana, ndipo ndikuona kuti kukula kwa thupi kukhoza kukhala kofunika kuposa dziko lolembedwa pa pasipoti.

Pakadali pano, amene wagwira envulopu ija adziwe kuti pepala la malichero silimaliza mlandu lokha. Malangizo a akatswiri amati manambala a kompyuta ndi othandizira. Dokotala ayenera kuyang'ana zithunzi zenizenizo, aone ngati wodwala anasuntha ali pansi pa kamera, ngati matumbo anawala moyandikana, ngati khoma lozilalalo likufinya bwino. Khoma limene lazilala pa zithunzi zonse ziwiri koma likufinya mwamphamvu kawirikawiri limakhala mthunzi, osati chipsera cha mnofu wa mtima umene unafa. Zithunzi zikakhaladi zabwinobwino, uthenga wake ndi wolimbikitsa. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti mwa anthu otere, amene amafa ndi mtima kapena kutsekeka mtsempha wa mtima mwadzidzidzi ndi ochepera mmodzi pa 100 alionse pachaka, ngakhale kuti kwa a matenda a shuga ndi okalamba kwambiri chitsimikizocho sichikhalitsa.

Ngati mudzajambulidwanso patapita zaka kuchipatala china, musadabwe TPD 9 itasanduka 6 kapena 12 mtima usanasinthe. Pulogalamu ina ndi nkhokwe ina zimatulutsa nambala ina. Musanachoke kumene mwajambulidwa, pemphani kuti akuikireni zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa fulashi, osati pepala lokha, ndipo lipoti litchule mankhwala amene anakubayani, mtundu wa kamera, ndi mmene munagonera. Dokotala wotsatira akhoza kulowetsa zakale ndi zatsopano m'pulogalamu imodzi n'kuziyeza pa nkhokwe imodzi.